Kujambula Anthu M'mene Alili

Anzanga ambiri pasukulu pano amandifunsa za kabuku kamene ndimayenda nako m'thumba. Tsono ndaganiza kuti ndilongosole m'magazini muno, kuti amene ali ndi chidwi akayeseko pa tchuthi chikudzachi.

Kale ndinali kujambula potengera zithunzi za m'mabuku, ndipo anthu anga anali kutuluka ouma ngati zitsa. Tsiku lina aphunzitsi athu anandiuza za mmisiri wa ku Italy, Leonardo da Vinci, amene anabadwa m'chaka cha 1452 namwalira mu 1519. Iyeyu analangiza ophunzira kuti aziyenda ndi kabuku ndi kujambula anthu m'misewu pamene akucheza, kuseka kapena kukangana. Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikuchita chomwecho mu mzinda wathu wa Blantyre.

Zofunika n'zochepa: kabuku kopanda mizere ndi pensulo yofewa ya 2B, pakuti imadetsa msanga koposa ya HB. Labala musiye kunyumba, nthawi yofufuta kulibe.

Woyamba kumene apite pa Wenela, chifukwa odikira basi amakhala phee nthawi yaitali. Akazolowera apite ku msika wa Limbe. Kumeneko anthu satha kukhazikika, koma wogulitsa amabwereza ntchito yake. Akawerama kuthira nyemba m'mbale, dikirani, awerama ndithu kachiwiri. Ku mpira yambani ndi oonerera, osewera adzabwera pambuyo. Wofuna kuphunzira makwinya a zovala akaime kunja kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, pa tsiku la ukwati.

Nawa malangizo anayi amene andithandiza.

Loyamba, musayambe ndi maso kapena mphuno. Lembani mzere umodzi wochokera kumutu, kutsata msana, kufikira kuphazi. Mzere umenewu ndiwo usonyeza ngati munthu watopa, wasenza katundu kapena akufulumira.

Lachiwiri, yezani ndi mutu. Msinkhu wa munthu wamkulu uli ngati mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka, koma wa mwana wa chaka chimodzi uli ngati mitu inayi yokha. Tambasulani mkono, tsinzinani diso limodzi, ndipo yezani mutuwo pa pensulo ndi chala chachikulu. Kumbukiraninso kuti maso ali pakati pa mutu, osati kumwamba monga tijambulira ambirife.

Lachitatu, onani phazi limene lanyamula thupi. Munthu akatsamira mwendo umodzi, phazi lake limakhala pansi penipeni pa khosi. Mukaliika pambali, munthu wanu aoneka ngati akugwa.

Lachinayi, mukaimirira pamalo osalala, mitu ya anthu a msinkhu wanu imakhala pa mzere umodzi ndi maso anu, angakhale ali pafupi kapena patali. Mapazi okha ndiwo amakwera m'mwamba papepala munthu akamatalikira.

Koma phunziro loposa onsewa ndinaliphunzira mwa manyazi. Loweruka lina ndinali kujambula mayi wina wogulitsa matimati, osapempha. Atandiona anadziphimba kumaso ndi chitenje nafuula, "Iwe mwana, ukulemba chiyani za ine? Wakutuma ndani?" Anthu anandizinga, ena nati ndatumidwa kulemba maina a amene sanadule chiphaso cha msika. Mtima unagunda kwambiri. Ndinagwada ndi kupereka kabukuko ndi manja awiri, ndi kuti, "Pepani mayi, ndalakwa. Ndine mwana wasukulu, ndikuphunzira kujambula." Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anaseka nati, "Mwana wanga, mphuno yanga si yaikulu chotere." Ndinang'amba tsambalo ndi kuwapatsa, ndipo anandilola kuyesanso.

Akulu anati safunsa anadya phula. Nkhope ya munthu ndi yake, motero pemphani musanaijambule, ndipo akakana thokozani ndi kupita kwina. Ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo awo.

Pomaliza, musataye mtima zithunzi zoyamba zikaipa. Jambulani anthu asanu tsiku lililonse, aliyense mphindi ziwiri zokha, ndipo lembani tsiku pansi pa tsamba. Sukulu ikatsegulidwa mudzabwere ndi timabuku tanu, tidzayerekeze tsamba loyamba ndi lomaliza.

Wophunzira wa Fomu 3