Cakudya ca Wodwala Khansa Asanayambe Mankhwala

Munthu akapezeka ndi nthenda ya khansa, kawirikawiri papita masabata angapo asanayambe mankhwala amphamvu ochedwa chemotherapy. Masiku amenewa sali ongokhala ai, koma ali akulimbitsa thupi. Pakuti madokotala, monga a ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ayesa mankhwalawo poona kulemera ndi msinkhu wa wodwala, napimanso mwazi wace. Mwazi ukacepa, mankhwala aimitsidwa kufikira tsiku lina, ndipo nthenda siidikira.

Khansa ionditsa munthu m'njira ziwiri: imcotsera cilakolako ca cakudya, ndiponso itha mnofu wa thupi ngakhale munthuyo alikudya. Munthu wa makilogalamu 60 akataya oposa 3 m'miyezi 6, abale ace auze dokotala msanga. Amuuzenso za mseru, ululu, zironda za m'kamwa ndi kuvutika pomeza, cifukwa zimenezi ziletsa kudya, ndipo zambiri ziri ndi mankhwala ace. Mankhwala a zitsamba asabisidwe kwa dokotala.

Mbale yodzala ndi nsima ifooketsa mtima wa wodwala. Cifukwa cace apatsidwe pang'ono pang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala la nsinjiro, mazira ophika, mkaka wowiritsa, nyemba zosinja, kapenta, nthoci ndi madzi abwino.

Ena anena kuti cakudya cikulitsa cotupa, nam'mana wodwala. Kumeneko ndi kulakwa. Njala ifooketsa munthu, siicepetsa cotupa. Asakalipiridwe akalephera kudya, koma wina akhale naye pamphasa, nadye naye pamodzi.