Mitundu ya Inshuwalansi ya Moyo ndi Chiphaso cha Ejenti

Inshuwalansi ya moyo ili m'mitundu ingapo. Ya nthawi yoikika imalipira banja pokhapokha mwini wake akamwalira zaka za panganolo zisanathe. Ya moyo wonse imalipira nthawi iliyonse imene imfa yagwa. Ina imasungira mwini ndalama zoti adzalandire nthawi ikakwana akadali moyo, pomwe ya maliro imathandiza pa bokosi ndi mayendedwe.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti ejenti aliyense wogulitsa inshuwalansi akhale ndi chiphaso chochokera kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Choncho munthu asanapereke ndalama aone kaye chiphasocho, atsimikize ku kampani yomwe ejentiyo akuimira, ndipo alandire lisiti ndi chikalata cha pangano. Kupanda kutero, amasiye angadzauzidwe pa tsiku la maliro kuti ndalamazo sizinafike ku kampani.