MFUTI YOTETEZERA MUNDA: CIPHASO CACE NDI KASANKHIDWE KACE

Cimanga cikayamba kukhwima, alimi a ku Petauke, Katete, Lundazi ndi a m'cigwa ca Luangwa sagona tulo. Usana anyani ndi apusi athyola zisononkho, usiku nguluwe ndi nungu zigwetsa mapesi, ndipo nchito ya dzinja lonse ikhoza kutha m'masiku owerengeka. Kapena inunso mwaganiza zogula mfuti. Musanagulitse ng'ombe kuti mupeze ndalama zace, werengani mau awa, pakuti safunsa anadya phula.

CIPHASO CIYAMBE, MFUTI ITSATE

Lamulo la mfuti la m'Zambia, limene linakhazikitsidwa mu 1969, liletsa munthu kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda ciphaso. Ngakhale gogodela amene anasiya agogo anu afuna ciphaso. Wopezeka ndi mfuti yopanda ciphaso alandidwa mfutiyo, ndipo akhoza kulowa m'ndende.

Poyamba pitani ku polisi ya m'boma lanu ndi citupa canu, ndipo lembani pempho. Nenani cifukwa ceniceni: kukula kwa munda, mbeu zimene mulima ndi nyama zimene zikubvutani. Apolisi adzafufuza mkhalidwe wanu, ngati simuli munthu wa ndeu kapena woledzera, ngati mudziwa kugwira mfuti, ndiponso ngati muli ndi malo oisungira. Akabvomera adzakupatsani kalata, ndipo ndi kalatayo mudzalipira msonkho ndi kulandira ciphaso. Nchito imeneyi itenga nthawi. Yambani m'cilimwe, musadikire kuti anyani alowe m'munda.

Ciphaso cichula dzina lanu ndi nambala ya mfuti yanu. Cifukwa cace musabwereke mfutiyo mlamu wanu kapena mwana wanu. Onaninso tsiku lakutha kwa ciphaso, kuti mukacikonzetse lisanafike.

CIPHASO CA MFUTI SI CIPHASO CA UZIMBA

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Monga mwa lamulo la nyama za m'thengo la 1998 ndi la 2015 limene linalowa m'malo mwace, nyamazo si za mwini munda. Boma ndilo lizisunga m'malo mwa anthu onse. Kuyambira mu 2016 aziyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife. Mukapha nyama poteteza moyo kapena mbeu zanu, kauzeni msanga oyang'anira nyama kapena apolisi, ndipo musagawe kapena kugulitsa nyamayo. Njobvu, mvuu ndi njati musaziombere konse ndi mfuti ya kumunda: nyama yaikuru yolasidwa isanduka yolusa, ndipo ikhoza kupha munthu wina amene sanadziwe kanthu. Itanani oyang'anira nyama.

MFUTI ITI?

Sankhani mfuti monga mwa nyama imene ikubvutani, osati monga mwa kukongola kwace.

Cifefe ca 12 citulutsa tizipolopolo tambiri timene timwazika. Cipha bwino kufikira mayadi 35 kapena 40, ndipo kupitirira apo cingolasa. Popeza mphamvu yace itha msanga, ndico coyenera minda yoyandikana ndi midzi. Phokoso lace lokha lithamangitsa apusi ndi mbalame.

Mfuti ya .22 iri yopepuka, siikankha phewa, ndipo zipolopolo zace ziri zochipa. Iyenera tinyama tating'ono pa mtunda wa mayadi 50. Koma musainyoze cifukwa ca kucepa kwa liu lace: cipolopolo cace cikaphonya cikhoza kuuluka mtunda woposa mailo imodzi, ndipo cikagunda mwala kapena madzi cinjanja ndi kupita kwina. Pa nguluwe iri yocepa; ingoilasa, ndipo nguluwe yolasidwa itumbula agaru ndi anthu omwe.

Mfuti zazikuru monga .303 ndi .30-06 zigwetsa nguluwe, koma ziri za mtengo wapatali, ndipo cipolopolo cace cipita mamailo awiri ndi kupitirira. Mlimi amene munda wace wazingidwa ndi midzi ndi njira za ana a sukulu asaiganizire.

Gulani kwa wogulitsa wobvomerezeka ndi Boma. Suzumirani mumpope mfuti iri yopanda cipolopolo. Ngati muli dzimbiri kapena maenje, isiyeni. Funsaninso ngati zipolopolo zace zipezeka pafupi.

MALAMULO ASANU A MWINI MFUTI

1. Yesani mfuti iriyonse ngati iri ndi cipolopolo, kufikira mutaitsegula ndi kuona ndi maso anu.
2. Musaloze munthu ndi mfuti, ngakhale mwa nthabwala.
3. Musaombere cinthu cimene mwangomva cikucita tswatswa m'cimanga. Usiku mwana wolondera munda ndi nguluwe amveka cimodzimodzi.
4. Yang'anani za kuseri kwa nyama musanaombe: nyumba, ziweto kapena njira.
5. Tsekerani mfuti m'bokosi lolimba, zipolopolo padera, kumene ana safika. Mowa ndi mfuti zisakomane.

MFUTI SIILONDA MUNDA

Anyani ali ocenjera: aphunzira msanga kuzindikira munthu wonyamula mfuti, nabwera iye atacoka. Cifukwa cace musaleke njira zimene makolo anadziwa: nsanja ya mlonda pakati pa munda, agaru, mpanda wolimba, ngalande yocinga nguluwe, ndi kulima minda moyandikana kuti muzilonda mosinthana. M'cigwa ca Luangwa alimi ambiri apitikitsa njobvu ndi utsi wa tsabola ndi zingwe zopaka tsabola.

Walira mvula walira matope: wofuna mfuti wafunanso msonkho wace, bokosi lace ndi mlandu wa cipolopolo ciriconse coturuka m'menemo. Kambiranani ndi mlangizi wa zaulimi ndi amfumu anu, werengani mtengo wa mbeu zimene mutaya caka ndi caka, ndipo pamenepo mudzadziwa ngati mfuti iyenera munda wanu.