Nkhupakupa: kutentha thupi kulikonse si malungo



Mvula ikakhazikika udzu umakula, ndipo nkhupakupa zimachuluka kulikonse kumene ng'ombe ndi mbuzi zimadya, kaya ndi ku dambo la Limphasa kaya m'mbali mwa minda ya chinangwa. Nkhupakupa siuluka, sidumpha. Imadikira pa udzu, ndipo ikamva chamoyo chikudutsa imakakamira. Mlimi, mayi wotola nkhuni, mwana wobusa mbuzi, ngakhale msodzi woyanika ukonde pa udzu, onse imawapeza.

Ku America ndi ku Ulaya nkhupakupa zimafalitsa matenda a Lyme, omwe anatenga dzina ku tawuni ya Lyme ku Connecticut, kumene anadziwika mu 1975. Kuno kwathu ndi ku Joni kumene ana athu amagwira ntchito, ofala ndi amene achipatala amati African tick bite fever. Amabwera ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija za pa ng'ombe. Tiana take n'tating'ono ngati njere ya mawere, moti munthu sadziwa kuti walumidwa.

Pakatha masiku 5 mpaka 10, thupi limatentha, mutu umawawa, minofu imaphwanya. Ambiri apa amangoti malungo, n'kumwa LA. Koma LA sapha kachilombo ka nkhupakupa. Chizindikiro chake n'ichi: polumidwa paja pamakhala kachilonda ka nkhanambo yakuda, kofiira m'mbali, ndipo pafupi pake, m'khwapa kapena m'mphechepeche, pamatuluka mwanabere.

Ndiye tichite bwanji?

Choyamba, popita kumunda kapena kutchire valani buluku lalitali, miyendo yake muilowetse m'sokosi kapena m'magambuti. Chovala chowala chimaonetsa nkhupakupa msanga.

Chachiwiri, dziyang'aneni tsiku lililonse. Ife madzi sititalikirana nawo: pa wudhu timaona mikono, makutu ndi mapazi. Koma nkhupakupa imakonda pobisika, choncho posamba madzulo onani m'khwapa, m'chiuno, m'mphechepeche ndi kuseri kwa mawondo. Ana muziwaona nokha, mpaka m'tsitsi.

Chachitatu, mukaipeza yakakamira, musaiotche ndi moto, musaithire palafini kapena mafuta. Igwireni kumutu, pafupi penipeni ndi khungu, ndi kachitsulo kopanira. Ngati mulibe, mangani ulusi pamutu pakepo. Kokani mowongoka, pang'onopang'ono, osapotokola, osafinya mimba yake. Tsukani pamalopo ndi sopo, nkhupakupayo muiponye pamoto. Osaiphwanya ndi zikhadabo. Likumbukireni tsikulo.

Chachinayi, thupi likatentha pitani ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay kapena chapafupi ndi kwanu, mukayezetse malungo. Akakuuzani kuti mulibe, musangonyamuka. Nenani kuti, "Adokotala, inandiluma nkhupakupa sabata yatha," muwaonetse kachilondako, ngakhale kali pochititsa manyazi. Mankhwala ake alipo, doxycycline, ndipo ambiri amapeza bwino m'masiku ochepa. Musagule nokha pamsika. Mayi woyembekezera anene kuti ali ndi pakati asanalandire mankhwala.

Chachisanu, samalani ziweto, poti gwero lake ndi kumeneko. Nkhupakupa zomwezi zimadwalitsa ndi kupha ng'ombe ndi mbuzi. Funsani alangizi a ziweto za mankhwala a dibi ndi muyezo wake, komanso masiku oyenera kudikira musanaphe chiweto chosambitsidwa. Inu osenda mbuzi za Qurbani, mukamaliza dziyang'aneni, chifukwa nyama ikazizira nkhupakupa zimachoka pachikopa kukasaka thupi lina. Mankhwala a dibi sadzola munthu, ndipo chigubu chake musatsukire m'nyanja kapena mumtsinje: ndi poizoni kwa nsomba, ndipo madzi omwewo timamwa.

Pomaliza, matani ming'alu ya m'zipupa ndi kuzira pansi. M'menemo mumabisala nkhufi, mtundu wina wa nkhupakupa woluma usiku. Yake ndi nthenda yotentha thupi mobwerezabwereza, yoopsa kwambiri kwa amayi apakati ndi makanda.

Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ziwetonso chimodzimodzi. Amene mwawerenga izi kawauzeni anzanu kugombe ndi kumunda. Allah atipatse thanzi ife ndi ana athu. Ameen.