Kamangidwe ka Zenera la Magalasi Amitundu

Amene analowapo m'tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa chilumba cha Likoma, chimene anayamba kumanga m'chaka cha 1903, kapena m'tchalitchi cha ku Livingstonia, m'mene muli zenera loonetsa David Livingstone ndi anzake a paulendo, adziwa kuti dzuwa likapyola m'magalasi amitundu, mtima wa wopembedza umafatsa mlaliki asanatsegule pakamwa. Ife a ku Linthipe, amene dothi lathu amaumbira mbale ndi makapu ku Dedza, ndiponso tili pafupi ndi mapanga a Chongoni m'mene makolo anajambula pamiyala, tisayese luso lomanga mazenera otere ngati la anthu akutali okha.

Poyamba yezani malo a zeneralo, ndipo mujambule chithunzi chanu papepala lolimba la msinkhu womwewo, pakuti zenera limakoma kapena kuwonongeka papepala, mmisiri asanakhudze galasi. Mzere uliwonse umene mulemba ndi njira imene mtovu wolumikiza magalasi udzadutsa. Chotero musiyire mtovuwo mpata wa mamilimita ngati 2, ndipo mupewe mizere yokhota kwambiri, chifukwa galasi silimvera wolidula mokhotetsa. Wophunzira ayambe ndi kazenera kakang'ono ka zidutswa zochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magalasi muwasankhe mutawakweza kudzuwa, osati ali pansi. Mtundu wake si utoto wopaka pamwamba ayi, koma zitsulo zimene anasungunulira pamodzi ndi mchenga: cobalt apatsa kubiriwira kwa thambo, mkuwa upatsa kwa msipu. Popeza magalasi otere ndi ndodo za mtovu zimachokera kunja ndipo mtengo wake ndi wowawa, dzanja lizolowere pa zidutswa za galasi wamba.

Podula, ikani galasi pamwamba pa chojambula, mukokere chodulira kamodzi kokha kuchokera m'mphepete kufikira m'mphepete inzake, osabwereza, ndipo muthyole nthawi yomweyo.

Tsopano khomani timatabwa tiwiri pa thabwa lalikulu kuti tipange ngodya yowongoka. Ndodo ya mtovu, imene ili ndi ngalande mbali zonse ziwiri, muyambe mwaikoka kuti iwongoke ndi kulimba. Kenaka, kuyambira pangodyapo, lowetsani galasi m'ngalande, mtovu pambuyo pake, galasi linanso, muzitchinga ndi misomali kuti zisasunthe. Zonse zikakhala m'malo mwake, wotchererani mphambano iliyonse ndi mtovu wosakaniza ndi tini, mutembenuze zenera mosamala, muwotchererenso kuseri. Pomaliza kanikizirani putty wofewetsa ndi mafuta a linseed m'ngalande zonse, mupukute magalasi ndi utuchi, ndipo zenera ligone chathyathyathya masiku angapo kufikira litauma.

Pano ndichenjeze ndi mtima wonse: mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Gwirani ntchito pamalo opita mphepo, musadye pamenepo, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima.

Poika zenera m'khoma, mupingase timipiringidzo tachitsulo ndi kumangirirapo zeneralo ndi waya wa mkuwa, pakuti mphepo ya kumapiri kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi ikhoza kupinda mtovu wopanda chochirikiza. Inu akulu a mpingo, pezani mnyamata kapena mtsikana wa dzanja lodekha, mumugulire chodulira, ndipo mumupatse zenera limodzi la kum'mawa kuti ayambirepo.