Mapu a pakhoma anandinamiza: kuchoka ku Longyearbyen kupita ku Utqiagvik

Ndili Fomu 3 ndinkakhulupirira mapu a pakhoma kuposa aphunzitsi. Ndiye tiyeni tione funso limene ndikanalakwa nthawi imeneyo: ndege ikanyamuka pabwalo la Longyearbyen, pa zilumba za Svalbard ku Norway, kupita ku Utqiagvik, tauni ya kumpoto kwenikweni kwa Alaska, iuluka makilomita angati?

Pamapu, Alaska ali kumanzere kumapeto, Svalbard ali pakati chakumwamba. Pakati pawo pali madigiri 172 a longitude. Ukatenga rula n'kugwiritsa ntchito sikelo ya pa equator, upeza makilomita pafupifupi 19,000. Bodza limenelo! Mizere ya longitude imatalikirana pa equator, koma ikamapita kumpoto imayandikirana mpaka kukumana pa North Pole, ngati mizere ya zigawo za lalanje losenda. Mapu afulati amaitambasula dala kuti dziko likwane papepala.

Tsopano tenga lalanjelo, kapena globe ngati kusukulu kwanu ilipo, umange ulusi pakati pa malo awiriwa. Ulusiwo sudutsa chammbali ayi, ukwera pamwamba, pafupi ndi North Pole penipeni. Njira yachidule chonchi pa chinthu chobulungira imatchedwa great circle.

Masamu ake ndi osavuta. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, kulikonse padziko. Longyearbyen ili pa madigiri 78 kumpoto, yatsala ndi 12 kuti ifike pa Pole. Utqiagvik ili pa 71, yatsala ndi 19. Kuphatikiza ndi 31, kuchulukitsa ndi 111, tapeza makilomita pafupifupi 3,400. Basi. Osati 19,000 aja.

Nanga nthawi? Gawa mtunda ndi liwiro. Ndege ya jeti imathamanga makilomita 850 pa ola, ndiye maola 4. Koma usaiwale kuti pokwera m'mwamba ndi potsika imayenda pang'onopang'ono, komanso mphepo ikamaomba kuchokera kutsogolo imaichedwetsa.

Mu April 1928, Hubert Wilkins ndi Carl Ben Eielson anauluka ulendo umenewu chobwerera, kuchoka ku Point Barrow kupita ku Spitsbergen, pa kandege ka injini imodzi ka Lockheed Vega. Anatha maola oposa 20 ali m'mwamba, pansi pali madzi oundana okhaokha. Atatsala pang'ono kufika, chimphepo chinawakakamiza kutera, n'kukhala masiku asanu akudikira kuti kunja kuchite bata. Tangoganiza akanawerengera mafuta molakwa.

Chondiseketsa n'chakuti lero palibe ndege ya anthu apaulendo yolumikiza mabwalo awiriwa mwachindunji. Okwera ndi ochepa kwambiri moti kampani ingangoluza ndalama. Umayenera kutsikira kummwera ku Oslo, kuoloka nyanja ya Atlantic, kukafika ku Anchorage, kenako n'kukweranso kumpoto. Pophatikiza ndi kudikira pamabwalo, ukhoza kutha tsiku lathunthu ndi kuposerapo, kuchedwa kuposa Wilkins ndi kandege kake kaja.