Ngongole zimene zinagwetsa Daewoo

Mukamakongola ndalama kuti mubweze ngongole ina, mumadziuza zotani? Mwina mumati bizinesi ikukula, ndalama zili m'njira. Kim Woo-choong ankaganizanso choncho.

Kim anayambitsa Daewoo mu 1967 ku Seoul, m'dziko la South Korea, ndipo poyamba ankagulitsa nsalu kunja. Posakhalitsa analowa m'zomangamanga, sitima zapamadzi, zipangizo zamagetsi, kenako magalimoto. Atasiyana mu 1992 ndi General Motors, kampani imene ankapanga nayo magalimoto, anagula kapena kumanga mafakitale a magalimoto ku Romania, Poland, Uzbekistan ndi India. Zambiri mwa zimenezi ankalipira ndi ndalama zokongola.

Mu 1997 chuma cha mayiko a ku Asia chinagwedezeka. Ndalama ya won inagwa mphamvu, boma la South Korea linakapempha thandizo ku IMF, ndipo ngongole za m'madola zinalemera zedi. Makampani ena anayamba kugulitsa katundu kuti apulumuke. Nanga Daewoo? Mu 1998 inagula SsangYong Motor, kampani ina ya magalimoto yomwe nayonso inali itamira m'ngongole.

Taimani kaye pamenepa. Kim sanali chitsiru. Kwa zaka 30 kulimba mtima kunkamupindulira, moti anafika pokhulupirira kuti kampani yaikulu chonchi boma silingailekerere kuti igwe. Mabanki atayamba kuuma manja, Daewoo inapita kukakongola kwina pa chiwongoladzanja chokwera, ngati munthu wothawira kwa akatapila banki ikamukana. Ndalama yatsopanoyo sinali yogulira makina, inali yotsekera ngongole zakale. Kenako mabuku a kampani anayamba kunama. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinyengo cha m'mabukumo chinafika pafupifupi ma won 41 thiliyoni.

Kodi inu munawerengera liti ngongole zanu zonse papepala limodzi? Ya kubanki, ya banki mkhonde, ya mlamu wanu ija? Ngati mukuopa kuziphatikiza, dziwani kuti zinthu zayamba kale kulakwika. Ngati mwayamba kuuza akunyumba kapena mnzanu wa bizinesi nambala yochepa kuposa yeniyeni, mwafika pamene Daewoo inali mu 1998. Ndipo shopu yachiwiri mukuiganizirayo, mukuifuna chifukwa yoyamba ikupindula, kapena kuti okukongozani asaone kuti mwatopa?

Daewoo inagwa mu 1999 ili ndi ngongole za pafupifupi madola 80 biliyoni. Kim anathawira kunja, anabwerera kwawo mu 2005, ndipo mu 2006 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 10, koma kumapeto kwa 2007 anakhululukidwa. General Motors inatenga mbali yaikulu ya Daewoo Motor mu 2002. Izi zisanachitike, mu February 2001, ogwira ntchito 1,750 a pafakitale ya Daewoo Motor ku Bupyeong anali atachotsedwa kale ntchito chifukwa cha ngongole zimene iwo sanasainire.